Ana a m'kalasi mwathu sangathawe, sangakhale chete. Ndikawauze chiyani ahedi?

Nabanda

Moni nonse. Ma admin pepani, uthenga wanga ndi wautali, koma ndikufuna nzeru kwa inu amene mumagwira ntchito m'sukulu za kuno ku America.

Ndine wothandizira mphunzitsi pa pulayimale ina ya boma kuno ku Indiana. Kalasi yathu ndi ya ana ofunika chisamaliro chapadera. Angapo ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena), mtsikana mmodzi amayendera njinga ya olumala, ndipo pali kamnyamata kena kosalankhula koma kakangomva zachilendo kamakuwa mpaka mawu kusasa. Teremu isanayambe, tonse ogwira ntchito, ophika ndi oyendetsa mabasi omwe, anatisonkhanitsa mu holo kutiphunzitsa zochita ngati munthu wa mfuti walowa pa sukulu. Njira yake ndi ija amati ALICE. Mwachidule akuti dziwitsa anzako msanga, khoma chitseko n'kuunjikapo madesiki, ukaona mpata thawa ndi ana, ndipo akakulowera m'kalasi musokoneze pomugenda ndi chilichonse chimene dzanja lagwira, kaya mabuku kaya mipando.

Sindikunyoza maphunzirowa ayi, ndikudziwa kumene achokera. Pa sukulu ya Columbine mu 1999 ana ambiri anaphedwera mu laibulale atabisala pansi pa matebulo. Ku Uvalde, pa 24 May 2022, wa mfuti atalowa pa sukulu, kunasonkhana apolisi 376 koma panapita mphindi 77 asanalowe m'kalasi, ndipo ana 19 ndi aphunzitsi awiri anamwalira. Ndiye n'zoona kuti zinthu zikamayamba, wamkulu amene ali m'kalasimo amakhala yekha ndi ana. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti zonse zimene anatiphunzitsa zikuyenerera mwana amene ukamuuza kuti thamanga amathamanga, ukamuuza kuti khala chete amakhala chete. Athuwa sali choncho.

Tsiku la lockdown drill, kuyeserera kudzitsekera m'kalasi, tinazimitsa magetsi n'kukaunjikana pakona. Kamnyamata kaja kanayamba kukuwa n'kumadzimenyetsa mutu ku kabati, ine n'kuika chikhatho pakati pa mutu wake ndi kabatiyo mpaka anatilola kuyatsa. Njinga ya mtsikanayo siinakwane pakati pa kabati ndi sinki, moti gudumu limaonekera pa kagalasi ka pachitseko. Aliyense wodutsa m'khonde akanadziwa kuti muli anthu. Chinanso, chitseko chathu chimakhomedwa ndi kiyi munthu uli kunja, ndipo kiyiyo ali ndi aphunzitsi okha. Iwo akapita kokadya kapena ku msonkhano ndimatsala ndekha, wopanda kiyi. Nditamufunsa amene amatiphunzitsayo, anangoti nthawiyo ikadzafika ndidzaone ndekha chanzeru. Yankho limenelo silinandikwane.

Tsono mwezi wamawa kuli gawo lachiwiri. Akuti kudzabwera apolisi, kudzamveka kulira kwa mfuti m'makonde, ndipo ena adzaomberedwa ndi tizipolopolo ta pulasitiki kuti timve mmene zimakhalira. Akuti si zokakamiza, koma mayina a opita akulembedwa ku ofesi. Mtima wanga sukufuna, komabe ntchito yanga si yokhazikika ngati ya aphunzitsi, ndikuopa kuoneka ngati wosasamala za ana. Kodi ndingakane osaika ntchito pachiswe? Nanga kwa ahedi ndikapemphe chiyani kwenikweni, poti ndine wamng'ono pa sukulupo?

Bambo Jere

Achemwali, ine ndimaphunzitsa ku sekondale kuno ku Ohio. Yambani ndi chitseko, zinazo zibwere pambuyo. Komiti imene inafufuza za ku Sandy Hook, kumene anaphedwa ana 20 ndi akuluakulu 6 mu December 2012, inatulutsa lipoti lake mu 2015, ndipo pakati pa mfundo zake zoyambirira panali yakuti chitseko cha kalasi iliyonse chizitheka kukhomedwa munthu ali mkati. Ku Uvalde kumene mwatchulako zitseko zinali ngati chanucho, zofuna kiyi kunja, ndipo loko wa chipinda 111 anali atadziwika kale kuti amavuta. Ndiye pempho lanu lisakhale lozungulira: kiyi wanu wanu, loko wokhomera mkati, ndi kansalu kophimba kagalasiko.

Podikira kuti asinthe loko, sukulu zambiri zimasiya chitseko chili chokhoma tsiku lonse n'kumata ka maginito pa felemu kuti chisagwire. Kukavuta mumangosolola kamaginitoko n'kukankha chitseko. Funsani ngati kwanuko amalola. Koma musagule nokha zitsulo zotchingira zitseko zija amagulitsa pa intaneti, chifukwa malamulo a zamoto m'madera ambiri amazikaniza.

Ndipo musakalankhule pakamwa pokha. Lembani imelo yaulemu, aphunzitsi a kalasi yanu ayione kaye n'kuikapo dzina lawo. Kuno chinthu chikalembedwa sachinyalanyaza wamba, chifukwa amadziwa kuti chikhoza kudzatuluka kukhoti.

Mayi a Tamanda

Asisi, mwandiliza. Mwana wanga ali ndi autism, ndipo drill yoyamba anabwera kunyumba atadzikodzera, usiku osagona. Chimene chinatithandiza ndi IEP, ndondomeko yolembedwa ya maphunziro a mwana wofunika chisamaliro chapadera. Ndinapempha msonkhano ndipo tinalembamo ndondomeko yake ya pangozi: ndani amamugwira dzanja, akakhale pati, apatsidwe chiyani. Panopa pakona yobisalapo pali kachikwama kosachoka, muli zotseka m'makutu, tabuleti yozimitsa mawu, kabulangete kolemera kaja ndi maswiti oyamwa. Mwana woti ali ndi switi m'kamwa kukuwa kumachepa. Aphunzitsi ake anamupangiranso kabuku ka zithunzi kosonyeza kuti choyamba magetsi azima, kenako tikhala pansi, kenako ayaka. Anayamba kuyeserera magetsi ali oyaka, mphindi imodzi yokha, n'kumawonjezera pang'onopang'ono.

Inu simungaitanitse msonkhano wa IEP, koma makolo angathe, ndipo aphunzitsi angathe. Makolo ambiri sadziwa n'komwe kuti mwana wawo amavutika chotere pa drill. Aphunzitsi awauze. Za njingayo, apemphe a physical therapist, othandiza ana pa za kayendedwe ka thupi, adzaone chipindacho, mwina kabatiyo ndi yongosuntha basi.

Chisale

Zonsezi n'zabwino koma maswiti sangaimitse munthu wa mfuti. Kuno ku Ohio kuyambira 2022 wogwira ntchito pa sukulu akhoza kunyamula mfuti akaphunzira maola 24 ngati bodi ya sukulu yavomera. Ku Florida chichitikireni chiwembu cha mfuti pa sukulu ya ku Parkland mu 2018 ali ndi pulogalamu yawo ya maola 144. Wa mfuti amaopa mnzake wa mfuti. Fufuzani ngati kwanuko zilipo.

Bambo Jere

Achimwene a Chisale, apa sindikugwirizana nanu. Lamulo lisanasinthe kuno kwathu pamafunika maola oposa 700, ofanana ndi a wapolisi. Maola 24 ndi masiku atatu a ntchito. Apolisi ophunzira bwino amaphonya zinthu zikatentha, nanga ife m'khonde modzaza ana? Ganiziraninso ntchito ya achemwaliwa: tsiku lonse amanyamula ana, kuwasintha zovala, kugwirana nawo akalusa. Mfuti ili m'chiuno pamenepo ndi ngozi ya tsiku ndi tsiku.

Pali zinanso ziwiri zokhudza ifeyo. Amene ali pa visa ya kanthawi, monga ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo la dziko lino limawaletsa kukhala ndi mfuti kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo kulakwitsa pamenepo kungakuthamangitse m'dziko. Chachiwiri, wapolisi akamalowa akuthamanga n'kuona munthu wakuda ali ndi mfuti m'manja, adziwa bwanji kuti ndi wa pasukulupo? Philando Castile, munthu wakuda, ankayang'anira kodyera ana pa sukulu ina ku St. Paul, anali ndi chilolezo cha mfuti, anamuuza wapolisi mwaulemu kuti ali nayo, koma wapolisiyo anamupha mu 2016.

Chisale

Za visa ndavomera. Koma ku sukulu za kumidzi kumene wapolisi amatenga nthawi kuti afike, nkhaniyi siyophweka choncho.

Nangozo

Ine ndine namwino wa ku chipinda cha ngozi. Ngati mukufuna maphunziro oti mupite ndi mtima wonse, pemphani a Stop the Bleed, ophunzitsa kuletsa magazi munthu akavulala. Anakhazikitsidwa mu 2015, satenga maola awiri, ndipo zipatala zambiri zimaphunzitsa ulere. Munthu wotaya magazi kwambiri akhoza kumwalira m'mphindi zochepa, ambulansi isanafike, ndiponso a ambulansi kawirikawiri salowa mpaka apolisi atanena kuti kuli bata. Ku Columbine mphunzitsi Dave Sanders anakhala maola akutaya magazi m'kalasi mpaka kumwalira. Mudzaphunzira kukanikiza bala ndi manja onse awiri, kulilonga ndi nsalu, ndi kumanga tourniquet (lamba wothina woletsa magazi) chakumtunda kwa bala, osati pa bala penipeni, mpaka magazi atasiya. Mukafunse kumene kuli zipangizozo pa sukulu panu. Zikakhala ku ofesi kokha, pa lockdown simungazifikire. Luso limeneli lidzakuthandizaninso mwana akadzadzicheka ndi galasi, zimene m'kalasi ngati yanuyo zikhoza kuchitika tsiku lililonse.

Gogo Nasibeko

Mwana wanga, ife kuno ku Zomba tikamamva zoterezi mitima imatiwawa. Tikukupemphererani inu ndi tianato.

Nabanda

Zikomo agogo, mapemphero tikuwafuna. A Jere ndi Mayi a Tamanda, ndaziwerenga kawirikawiri. Mfuti ayi a Chisale, sindingathe. Nanga za gawo lachiwirilo, pali amene anakanapo?

Mayi Phiri

Ine ndinakana, ntchito ndikadali nayo. Kwanu komweko ku Indiana, mu January 2019, aphunzitsi a pa Meadowlawn Elementary ku Monticello anauzidwa kugwada moyang'ana khoma n'kuomberedwa kumsana ndi tizipolopolo ta pulasitiki pa maphunziro ngati amenewa. Ena anatupa, ena anatuluka magazi, ndipo bungwe la aphunzitsi la Indiana State Teachers Association linakaitula nkhaniyi ku nyumba ya malamulo. Mu 2020 mabungwe aakulu a aphunzitsi, NEA ndi AFT, pamodzi ndi Everytown, bungwe lolimbana ndi ziwawa za mfuti, ananena poyera kuti kuyeserera kofanizira kuomberana kwenikweni n'kosayenera, ndiponso kuti drill isamachitike modzidzimutsa. Choncho pokana simukhala nokha. Ngati muli mu union, bungwe la ogwira ntchito, onanani kaye ndi woimirira wanu. Mu imeloyo lembani kuti gawo la kuomberanalo simutenga nawo mbali, koma mukupempha kuti wapolisi wa pasukulu abwere m'kalasi mwanu mudzayendere limodzi njira yotulukira ndi njinga. Palibe anganene kuti ndinu wosasamala pamene mukupempha zochuluka kuposa zimene akupereka.

Koma ndikuuzeni chimene chimandipweteka pa nkhani yonseyi. Timathera mphamvu pa tsiku la mfutilo, osati pa masiku a m'mbuyo mwake. A Secret Service, nthambi ya zachitetezo ya boma la America, atafufuza ziwembu 41 za m'sukulu, lipoti lawo la 2019 linapeza kuti ochita ziwembuwo ambiri anali ataonetsa kale zizindikiro, ambiri anali atauzako wina, ndipo mfuti zambiri zinachokera kunyumba. Ku Oxford High School ku Michigan, mu November 2021, mnyamata anaitanidwa ku ofesi m'mawa womwewo chifukwa cha chithunzi cha mfuti chimene anajambula, makolo ake anabwera, koma chikwama chake palibe anachitsegula. Masana anapha anzake anayi. Ku Newport News mu January 2023 mwana wa zaka 6 anaombera mphunzitsi wake, pamene ogwira ntchito ena anali atachenjeza kale ku ofesi tsiku lomwelo. Ife othandizira, ophika ndi a mabasi ndi amene timamva zimene ana amanong'onezana, koma kawirikawiri sitiuzidwa kokanena, kapena timaopa kuti atiyesa a miseche, makamaka ife obwera. Mukawafunse ahedi funso ili: ndikamva chinthu chodetsa nkhawa ndikanene kwa ndani, ndipo ndidzadziwa bwanji kuti chatsatidwa?

Nabanda

Mayi Phiri, zikomo kwambiri. Ndalankhula ndi aphunzitsi anga madzulo ano, avomera kuti imeloyo tilembe tonse awiri ndipo makolo awauza okha. Tiikamo za kiyi, loko, kansalu ka pagalasi, kusuntha kabati, Stop the Bleed ndi funso lanu lija. Chatsala chimodzi. Khomo lotulukira panja limene lili pafupi ndi kalasi yathu lili ndi masitepe atatu, ndipo njira yotsetsereka ya njinga ili kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi ofesi. Mtsikanayo ndi wolemera, sindingamunyamule ndekha uku ndikugwira enawo. Alipo amene sukulu yawo inakonzapo vuto ngati limeneli, ndipo ndalama zake zinachokera kuti?