Ziphuphu pankhope yamafuta pakati koma youma m'masaya: ndisiye chiyani, ndiyambe chiyani?

Wofunsa (wabisa dzina):
Moni nonse a pagulu pano. Ndine mtsikana wa zaka 26. Pamphumi, pamphuno ndi pachibwano pamatuluka mafuta moti masana ndimachita kunyezimira, koma masaya ndi ouma, amatuwa, nthawi zina kuthetheka kumene. Ziphuphu zikutuluka pamphumi ndi pachibwano, ndipo chilichonse chikapola chimasiya banga lakuda. Panopa ndimasamba kumaso katatu patsiku ndi sopo wopha majeremusi, scrub (chokhulira nkhope) kawiri pasabata, usiku benzoyl peroxide wa 10% nkhope yonse. Tsopano ngakhale madzi okha akundiwotcha. Odziwa, ndithandizeni.

Wa ku pharmacy:
Achemwali, madzi okha akamawotcha ndiye kuti kachikopa kapamwamba kamene kamasunga chinyezi kaperepeseka. Khungu likafika pamenepo, mankhwala aliwonse amaluma, ndipo kwa ife akhungu lakuda kutupa kulikonse kumasiya banga. Choncho masabata awiri oyamba musalimbane ndi ziphuphu ayi. Siyani scrub, siyani 10% uja, siyaninso sopo wopha majeremusi uja. Sopo wamba amakhala ndi pH (muyeso wa asidi) ya pakati pa 9 ndi 10, pomwe khungu lili cha pa 5. N'chifukwa chake mukasamba nkhope imakoka ngati yauma ndi phala. Pezani chosambira kumaso chopanda perefyumu, chosachita thovu kwambiri. Sambani kawiri basi, m'mawa ndi madzulo, ndi madzi ofunda pang'ono, zala zokha, osapitirira mphindi imodzi. Popukuta muzingogunditsa thawulo, osakhula. Nkhope isanaumiretu pakani moisturizer (mafuta osunga chinyezi pakhungu) wolembedwa kuti non-comedogenic, kutanthauza wosatseka timabowo ta pakhungu, wokhala ndi glycerin kapena ceramides: m'masaya mokwanira, pakati pankhope pang'ono chabe.

Wofunsa:
Zikomo achimwene. Koma malo amafutawo ndipakenso mafuta? Sizichulukitsa ziphuphu?

Wa ku pharmacy:
Pakani, koma wopepuka, wa gel kapena lotion. Mafuta amene khungu limatulutsa ndi chinyezi cha m'khungu ndi zinthu ziwiri. Pamphumi pakhoza kunyezimira khungu lili louma pansi. Zoti mupewe pamenepo ndi zolemera monga mafuta a kokonati ndi cocoa butter, zimatseka timabowo ta pakhungu. Petroleum jelly isungireni pamene pathetheka pokha.

Namwino:
Ndipitirize pamene asiyira. Kuwotcha kukatha, lowetsani mankhwala amodzi okha. Amodzi. Mukayamba atatu nthawi imodzi, nkhope ikatupa simudziwa wolakwa ndi uti. Ndipo yesani kaye kuseri kwa khutu kapena m'mbali mwa nsagwada kwa masiku atatu.

Ngati ziphuphu zanu ndi zofiira, za mafinya, bwererani kwa benzoyl peroxide koma wa 2.5%. Amapha mabakiteriya pafupifupi mofanana ndi wa 10%, kuluma kokha n'kumene kumachepa. Pakani mopyapyala pamphumi ndi pachibwano, dikirani mphindi ziwiri kufika zisanu, n'kutsuka. Tsiku lina inde, tsiku lina ayi. Dziwaninso kuti amasukulutsa mtundu wa thawulo ndi nsalu ya pilo, gwiritsani zoyera.

Ngati zambiri ndi timutu takuda ndi tiziphuphu tapansi pakhungu, adapalene gel wa 0.1% ndi amene amagwira bwino. Kachulukidwe kake ngati nsawawa imodzi, osaposa. Usiku, nkhope itauma bwinobwino, chifukwa pakhungu lonyowa amalowa msanga n'kuluma. Sabata ziwiri zoyamba kawiri pasabata, kenako katatu, mpaka khungu litazolowera. Yambani ndi moisturizer, kenako adapalene, kenako moisturizer pamwamba. Lambalalani m'makona a mphuno, m'mbali mwa milomo ndi m'zikope. Amapakidwa pamalo onse amene ziphuphu zimakonda kutuluka, osati pamutu pa chiphuphu chokha, chifukwa ntchito yake ndi kuletsa zatsopano. Mwezi woyamba zimatha kuoneka ngati zikuwonjezeka. Ambiri amasiyira pomwepo, chonsecho zotsatira zimaoneka pakati pa masabata 8 ndi 12. Oyembekezera kapena amene akufuna pathupi, adapalene ayi.

Membala wina:
Bwanji osangowauza salicylic acid wa 2%? Ndi amene amalowa m'mafuta n'kutsegula timabowo.

Namwino:
N'zoona amasungunuka m'mafuta, koma masaya othetheka awaumitsa zedi. Akafuna, apake pamphuno ndi pachibwano pokha, kawiri kapena katatu pasabata, komanso osati usiku wa adapalene. Kwa iwowa ine ndikadasankha azelaic acid wa 10% mpaka 20%, chifukwa amachepetsa ziphuphu ndi mabanga akuda limodzi, ndipo madokotala amalolanso amayi oyembekezera. Amanyerenyesa mphindi zochepa masiku oyamba, si vuto. Koma kutupa kapena kuwotcha kopitirira ola, tsukani, pumulani masiku atatu.

Wokonza tsitsi:
Asisi, ziphuphu za pamphumi zija yang'ananinso kumutu. Hair food, gel wa m'mbali mwa tsitsi ndi mafuta opopera mesh zimatsikira pamphumi ndi thukuta, makamaka mu Okutobala. Siyani mpata wa chala chimodzi kuchokera pomwe tsitsi layambira, duku logonera lizichapidwa, nsalu ya pilo muzisintha kawiri pasabata.

Wa ku pharmacy:
Ena amalangiza kupaka ndimu ndi soda paziphuphu, ena mankhwala otsukira mano. Chonde ayi. Ndimu amawotcha, ndipo mukapita naye padzuwa banga limada kuposa kale. Choopsa kwambiri ndi timachubu ta pamsika toyeretsa khungu. Werengani kumbuyo: mukaona clobetasol kapena betamethasone, ameneyo ndi steroid, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa. Sabata yoyamba nkhope imasalala, kenako khungu limapyapyala, timitsempha kuonekera, ziphuphu zofanana kukula kubuka zambirimbiri. Amene wapaka kwa miyezi akasiya, nkhope imayaka. Aonane ndi dokotala amuthandize kasiyidwe kake.

M'mawa musaiwale sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) wa SPF 30 kapena kuposa, mizere iwiri pazala ziwiri. Popanda ameneyu mabanga aja amachedwa kuzimirira. Juni ndi Julaye, mphepo ya mwera ikamaumitsa nkhope, bwererani ku adapalene wa kawiri pasabata.

Namwino:
Kuchipatala mupite mukaona izi: zotupa zakuya zopweteka, zipsera zolowa m'kati, kapena masabata 12 atha popanda kusintha. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli mbali yoona za khungu. Zikakhala za pachibwano ndi m'nsagwada zobuka mukayandikira kumwezi, kapena zinayamba mutayamba jakisoni wolera kapena implant, akauzeni zimenezo, chifukwa mahomoni amakhudzapo. Ndipo ngati tapamphumipo ndi tating'onoting'ono, tofanana, toyabwa, akayang'ane ngati si fangasi, chifukwa ameneyo doxycycline (mankhwala akumwa opha mabakiteriya) samuchiza.