Eriyo yonyamulika ya 80m: ndiike koyilo kapena nditalikitse waya?

Kanyimbi73:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mlongoti wa fiberglass wa mamita 10, wolowetsana uja, wailesi yolankhulirana ya mawati 100 ndi ka tuner (kachipangizo kogwirizanitsa wailesi ndi eriyo). Ndikufuna eriyo ya 80m (bandi ya mafunde a wailesi otalika pafupifupi mamita 80), cha pa 3.6 MHz, yoti munthu mmodzi aziimika kutchire m'mphindi 20. Kodi ndikulunge koyilo m'munsi mwa waya woimirira, kapena pali njira ina? Ma radial (mawaya oyala m'munsi mwa eriyo) angati akwanira? Ndipo bandi ya 160m ingatheke pa mlongoti womwewu?

Mkuwa:
Achimwene, tiyambe ndi masamu. Pa 3.6 MHz funde limodzi ndi lalitali mamita 83, ndiye waya woimirira amafunika kukhala pafupifupi mamita 19.8 kuti agwire ntchito popanda chomuthandiza. Wanuyo ndi theka lake chabe. Waya wa mamita 10 pamenepo ali ndi radiation resistance (muyeso wa mmene eriyo imaponyera mphamvu mumlengalenga) ya ma ohm 6 kapena 7 basi, pomwe nthaka yokhala ndi ma radial awiri kapena atatu imatha kudya ma ohm 20 kapena kuposa. Ndiye kuti pa mawati 100 anuwo, opita mumlengalenga ndi ngati 20, enawo akungofunditsa dothi.

Ngati mwasankha koyilo, ifunika ya 25 µH (microhenry, muyeso wa koyilo) kapena chapompo. Tengani paipi ya PVC ya mamilimita 50, waya wa mkuwa wa milimita imodzi, muzungulitse ka 30 pa utali wa mamilimita 60. Zimenezo zikupatsani pafupifupi 27 µH. Kuyambira pa mzere wa 20, siyani pogwiritsa kachipanira pakatha mizere iwiri iliyonse, chifukwa nthaka ikasintha ma MHz omwe eriyo imagwirapo bwino nawonso amasuntha. Musathinanitse mizere ya waya: mpatawo ndi umene umachepetsa mphamvu yotayika mu koyilo. Dziwaninso kuti pa mawati 100 pamwamba pa koyiloyo pamafika mavoti oposa 1,000, choncho isakhudze udzu wonyowa, ndipo mwana asayandikire.

Koma ine ndikanati koyilo muisiye.

Nyerere_QRP:
A Mkuwa anena zoona pomalizapo. Pangani eriyo yooneka ngati L wozondoka. Dulani waya wa mamita 21, mamita 10 akwere ndi mlongoti, otsalawo achoke pansonga kupita ku mtengo ndi chingwe cha nayiloni. Akatsetsereka pang'ono palibe vuto, bola nsonga yake isatsike kufupi ndi mamita 3 kuchokera pansi. Yezani ndi NanoVNA (kachipangizo koyezera eriyo), kenako muzipinda nsongayo masentimita 20 nthawi iliyonse mpaka SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera ku wailesi) itsike pomwe mukufuna. Kupinda, osati kudula, poti malo ena mudzaufunanso utaliwo.

Ubwino wake ndi woti magetsi ambiri a RF (a mafunde a wailesi) amayenda m'chigawo choimiriracho, ndipo radiation resistance imakwera kufika ma ohm 20 kapena chapompo. Nthaka yomwe ija imadyabe, koma gawo lake limachepa kwambiri.

Mlongoti wa fiberglass ndi woonda kunsonga, ndiye waya wopita chammbaliyo amaupinda ngati uta. Mangirirani wayayo pa mfundo yachiwiri kapena yachitatu kuchokera pamwamba, ndipo mukoke chingwe china mbali inayo. Onetsetsaninso kuti ndi fiberglass weniweni. Milongoti ina yophera nsomba ndi ya carbon, imadutsa magetsi, ndipo imasokoneza eriyo yonse.

Kanyimbi73:
Zikomo akulu. Koma ndikalumikiza waya wa mamita 10 uja ku tuner ndi radial mmodzi, SWR imatsika mpaka 1.2 pafupifupi bandi yonse. Si ndiye kuti ili bwino?

Mkuwa:
Ayi, chimenecho ndi chizindikiro choipa. Eriyo yaifupi yomwe ikugwiradi ntchito imakhala yopapatiza: mukasuntha ma kHz ochepa, SWR imakwera. Ikakhala yosalala paliponse ndiye kuti pali chomwe chikumeza mphamvu, kaya nthaka, kaya tuner, kaya coax (waya wochoka ku wailesi kupita ku eriyo). Dummy load (chipangizo choyesera wailesi chomwe chimangomeza mphamvu) nayo ili ndi SWR ya 1.0, koma palibe amene angakumveni nayo.

Za ma radial, njira zilipo ziwiri. Yoyamba, yalani pansi mawaya 8 kapena 12 a mamita 10 lililonse. Akagona pa dothi utali wake sufuna kuyeza bwinobwino, ndipo ambiri aafupi amaposa ochepa aatali. Mangani anayianayi ku pulagi imodzi kuti musamachedwe poyala. Yachiwiri, kwezani ma radial awiri a mamita 20 pa timitengo, mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, moyang'anizana. Amenewa amafuna kuyezedwa ngati eriyo, ndipo akangokhudza tchire lonyowa zonse zimasuntha.

Mukawonjezera ma radial mudzaona SWR ikukwera, mwina kufika 2. Musadandaule, ndiye kuti zotayika zachepa ndipo eriyo yatsikira ku ma ohm 25. Ifupikitseni pang'ono, muike kakoyilo ka 2 µH pakati pa waya wa eriyo ndi ma radial, ibwerera ku ma ohm 50 omwe wailesi imafuna. Choke (chotchinga RF kuti isayende kunja kwa coax) musaiwale: coax wa RG58 wozungulitsidwa ka 12 pa mphete ya ferrite ya FT240-31, pomwe coax akukumana ndi eriyo. Popanda imeneyo chikopa cha coax chimasanduka radial, RF nkumakuwotchani pa maikolofoni.

Dzombe:
Funso lomwe silinafunsidwe: mukufuna kulankhula ndi ndani? Ngati ndi anzanu a pa mtunda wa makilomita 100 mpaka 500, eriyo yoimirira si yabwino, chifukwa imaponya mafunde chammbali. Pamenepo pafunika dipole (mawaya awiri ofanana utali, coax pakati pawo) ya mamita 39.7 onse pamodzi, pakati pake pa mlongoti, mapeto ake mamita 2 kuchokera pansi. Imaponya mmwamba, mafunde nkubwerera chapafupi, ndipo ma radial safunika. L wozondoka ndi wa kutali, makamaka usiku.

160m pa mlongoti wa mamita 10 ndi nkhondo. Waya woimirira yekha ali ndi ma ohm 1.5 pa 1.85 MHz ndipo afuna koyilo yoposa 110 µH, mavoti nkupitirira 2,000. Ngati malo alipo, onjezerani mamita 19 kumapeto kwa L uja ndi kapulagi, ukhale pafupifupi mamita 40, ndipo ma radial asachepere 16.