Dzina la kamwana ka agogo pa chiliza

Malume Fulanki: Mwaswera bwanji nonse. Womanga chiliza cha mayi akufuna mayina pofika Lachisanu. Ine maganizo anga ndi oti tilembepo ndi mwana wawo woyamba uja, amene adamwalira pa njala ya 1949. Koma dzina lake palibe akulidziwa.

Chikondi (Joni): Malume, mwana wake uti? Ine ndikumva lero zimenezi.

Mayi aakulu: Ukanazimva kuti, mwanawe. Mayi nkhaniyi sankaikamba, ankangoti "kamtsikana kanga kaja", basi n'kukhala chete. Mvula idadula chaka chimenecho, chimanga n'kupserera m'munda, anthu ankadya gaga ndi mizu yakutchire. Kamwanako kanali kasanathe zaka zitatu. Kansalu kake kobelekera mayi adakasunga pansi pa sutikesi mpaka tsiku lomwalira, ndidakapeza ndine.

Malume Fulanki: Komanso dziwani kuti sanali wa bambo athu. Mwamuna woyamba wa mayi adapita ku Salisbury kukasaka ntchito n'kutchona konko. Tikalemba dzina la bambo athu tinama pamwala.

Mayi aakulu: Achimwene, mwana ndi wa mbumba ino, agona m'manda a kwathu. Za bambo ake zitivutitsenso?

Malume Fulanki: Zitivutitse ndithu, mlongo. Ngati munthuyo adaberekanso ku Salisbury konko, komwe lero ndi ku Harare, ana akewo ndi abale ake a mwanayu.

Tadala: Pepani akuluakulu ndilowererepo. Agogo paja anali Akatolika kuyambira ali mtsikana, ndiye mwanayo ayenera kuti adabatizidwa ku Nguludi. M'buku la ubatizo amalemba dzina la mwana, la bambo, la mayi, mudzi ndi womuimira. Mabuku akale aja ndi a Chilatini, koma abambo mfumu atha kutiwerengera. Ndikawapempha ayang'ane kuyambira 1946 mpaka 1949.

Mayi aakulu: Ukatchule dzina la mayi la pautsikana, osati la kubanja. Ukadzerenso kwa amfumu, manda salowa osapempha. Gogo wa kuseri kwa dambo uja adali nawo pamaliropo, mutu ukugwirabe koma makutu ndiwo adatha, ukalankhule mokweza. Usapite chimanjamanja, kashuga ndi sopo.

Chikondi (Joni): Thiransipoti ndi shugayo nditumiza ine mawa pa Mukuru.

Malume Fulanki: Chabwino. Womangayo ndimuuza asiye mpata m'munsi mwa dzina la mayi. Tadala, ukakapeza tsambalo ulijambule, utiponyere pompano.

Tadala: Ndinyamuka Lachitatu m'mawa, malume.