Kuwerenga buku foni ili pafupi: kuwonjezera pa yankho lija

Mayi wa ku Nkhotakota anafunsa kuti atani poti akangotsegula buku, WhatsApp imawakoka. Tinati ayambe ndi masamba 10 patsiku, koma ena mwati sizikutheka. Kawirikawiri cholakwika ndi nthawi yowerengera: masana kunyanja kuno kukatentha, pofika tsamba lachitatu tulo tabwera kale. Werengani m'mawa, mphindi 15 zokha, musanayatse data.

Foni isiyeni m'chipinda china. Kuivundikira patebulo sikuthandiza, dzanja limapitabe lokha. Amene mumawerengera pafoni pomwepo, tsitsiranitu bukulo kenako ikani airplane mode.

Buku likakukanikani pofika tsamba 30, lisiyeni, tengani lalifupi. Mukadumpha tsiku, musadzipatse ngongole ya masamba 20 mawa lake, chifukwa ambiri amagonjera pamenepo.