Kupopera spray foam m'shedi ya malata kuno kuchigwa

Mlimi_Ngabu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali shedi ya malata okhaokha pa Ngabu, mamita 12 mulitali, 8 mulifupi, denga la IBR pa mafelemu a chitsulo. Timasungamo mapira, chitowe ndi thonje. Ikafika October, masana simuloweka, pomwe m'mawa wa June malata amachita thukuta n'kumadonthezera matumba. Kodi spray foam (thovu lopopera lomwe limauma n'kumatchinga kutentha) ya m'zitini ija ya ku hardware ingathandize? Ichindikale bwanji?

Mmisiri_Nchalo:
Achimwene, za zitinizo iwalani. Ija ndi yotsekera ming'alu pazitseko ndi pomwe malata akumana ndi khoma. Chitini cha 750ml chikafufuma bwino chimapereka thovu la malita pafupifupi 40, ndiye denga lanu lingadye zitini zoposa 100, osamatanso mofanana.

Yapadenga imabwera m'migolo iwiri, A ndi B, ndipo makina amasakaniza muyeso wofanana pakamwa pa mfuti yopopera. Funsani ya closed-cell (ya thovu lothinana, losalola chinyezi kudutsa msanga), yolemera makilogalamu 35 kapena kuyandikira pamenepo pa cubic metre. Ya open-cell ndi yotsikirako mtengo, koma imalola chinyezi kudutsa mpaka pachitsulo, dzimbiri n'kumadya mwakachetechete.

Masamu ake ndi awa. Pansi ndi 96 square metres. Mukawerengera kupendekeka kwa denga ndi mizere ya IBR mufika cha m'ma 115. Pa 40mm ndi 4.6 cubic metres, kapena kuti makilogalamu 160. Onjezani gawo limodzi mwa magawo asanu la zouluka ndi zotayika, mufika pafupi ndi 195. Kuletsa thukuta lokha 25mm ikwana, koma kutentha kwa kuno kumafuna 40 mpaka 50. Khoma lakumadzulo musalisiye, dzuwa la madzulo limamenya pamenepo.

Chitsulo_Bangula:
Ntchito zambiri zimafera pa malata enieniwo, osati pa mankhwala. Lata latsopano limakhala ndi kamafuta, lakale lili ndi fumbi ndi dzimbiri, ndipo cha ku Nchalo onjezaniponso phulusa la nzimbe. Tsukani ndi sopo wochotsa mafuta, palani dzimbiri ndi bulashi yawaya, pakani primer (penti yoyambira), zisiyeni ziume. Paliponse podontha konzani kaye, sinthani zomangira zomwe labala wake waphwetseka. Thovu likabisa bowo, madzi amakhala pakati osaoneka mpaka lata litaboola.

Nthawi yopopera ndiye nkhani yaikulu kuno. Masana a October lata limadutsa madigiri 60. Mukapopera pamenepo thovu limafufuma lisanagwire, n'kuchita matuza, kenako limasendeka ngati khungwa. M'bandakucha nakonso kuli mame, ndipo madzi akakumana ndi mankhwala a A amatulutsa mpweya womwe umalekanitsa thovu ndi chitsulo. Dikirani mame aume, gwirani lata ndi chikhatho: louma, lofunda koma losawotcha. May mpaka July ndiye miyezi yabwino. Migolo ikhale pamthunzi, apo ayi B amatumphuka mukangotsegula.

Apopere kansalu kopyapyala kaye, kenako azionjezera, osapitirira 50mm ulendo umodzi, chifukwa thovuli limatentha lokha pouma ndipo lochindikala kwambiri limapsa mkati. Akamaliza bayani ndi kawaya malo angapo muyeze nokha. Mukaona lonata kapena lofumbutuka ngati bisiketi, muyeso wa A ndi B unasokonekera, limenelo lipalidwe.

MaiShedi_Nsanje:
Bambo, mwatchula thonje, ndiye mtima wanga wagunda. Thovuli limayaka, ndipo utsi wake ndi wapoizoni. Lipakidwe penti yoteteza ku moto kapena libisidwe ndi siling'i, mawaya amagetsi adutse m'mapaipi, ndipo wowotcherera zitsulo asadzayandikirenso dengalo. Popopera tulutsani matumba onse, opopera avale zophimba kumaso zosefa mpweya, ndipo anthu asalowe kwa maola 24.

Chiswe sichidya thovu koma chimaboola njira mkati mwake, choncho pakhoma siyani masentimita 15 kuchokera pansi kuti muzichiona chikakwera. Musatsekenso shedi yonse ngati botolo. Mbewu zimapuma, siyani mazenera a sefa m'munsi ndi potulukira mpweya pamsonga, apo ayi mapira achita nkhungu.

Ndalama zikachepa, yambani ndi penti yoyera pamwamba pa denga. Kutentha imachepetsa ndithu, ngakhale thukuta la June silingathe ndi penti.