Kodi mabwana ndi amene amadwala mtima kwambiri?

Nachisale: Ndimamva anthu akunena kuti mabwana ndi amene amadwala mtima kwambiri chifukwa cha nkhawa za pa ntchito. Kodi ofufuza anapeza zotani pa nkhaniyi?

Achimwene a Phiri: Mayi, kafukufuku wa Whitehall, amene anayamba mu 1967 pakati pa amuna ogwira ntchito m'boma ku London, anapeza zosiyana kwambiri, pakuti a maudindo otsika, monga amesenjala, ndiwo ankamwalira ndi matenda a mtima mochuluka kuposa akuluakulu awo.

Nabanda: Komatu a Phiri, mwina otsikawo ankasuta fodya kwambiri.

Achimwene a Phiri: Ankasutadi, koma fodyayo anangofotokoza mbali ina ya kusiyanako. Gawo lachiwiri la kafukufukuyu, limene wofufuza wina dzina lake Michael Marmot anatsogolera kuyambira mu 1985, linasonyeza kuti chinanso chodwalitsa munthu ndi kulamulidwa pa chilichonse, osapatsidwa mpata wosankha kagwiridwe ka ntchito yake.