Corolla ikulira ti-ti-ti pomwe kiyi ili m'manja, chavuta n'chani?

Bambo a Tadala, Matawale:
Akuluakulu ndithandizeni, Corolla yanga ya 2005 ex-Japan yayamba misala. Ndikathimitsa injini n'kuzula kiyi, kungotsegula chitseko cha dalaivala imayamba ti-ti-ti ngati kiyi ndaiwala pa iginishoni pomwe ili m'manja mwangamu. Dzulo ndafika pakhomo cha m'ma 11 usiku yalira mpaka mayi akunyumba kutuluka ndi tochi, akuti galimotoyi aiponda kkkk. Chinanso rimoti yasiya kukiya zitseko, kabatire kake ndasintha koma ayi ndithu. Makanika wina wangoti tidule waya wa kabeluko nkhani ithe, ndimulole?

Mjomba wa ku Jali:
Magetsi mumathimitsa koma? Ine inandipusitsapo masana dzuwa likuswa mtengo, kumeneko ndasiya ma park light oyaka. Apo ayi onani kaswichi ka rabala kaja ka pa chipilala cha chitseko, fumbi la kuno limakapha.

Wamawaya, Chinamwali:
Amjomba ka pachitsekoko kali bwinobwino, chikhala kuti kafa bwenzi galimoto isakudziwa n'komwe kuti chitseko chatseguka. Achimwene a Tadala yankho mwalinena nokha, ndi rimotiyo. Toyota zambiri zimakana rimoti kiyi ikakhala pa iginishoni, ndiye ngati belu likulira komanso rimoti yanyanyala ndiye kuti galimoto ikuganiza kuti kiyi ikadali momo. Pambali pa balelo, pomwe mumalowetsa kiyi paja, pali kaswichi kakang'ono ka mawaya awiri, kiyi ikalowa imakankha kapini, ikatuluka kapiniko kamayenera kubwerera, tsono balelo ikatha kapena ikadzaza fumbi kamangokakamira mkati.

Yambani ndi zaulere, lowetsani kiyi n'kuzula kangapo mwachangu, mverani ngati iginishoni ikudumphira kunja. Zikakanika chotsani kaye negativu ya batire, masulani pulasitiki ya kuseri kwa chiwongolero, zulani kapulagi ka mawaya awiriwo n'kubwezera batire. Belu likakhala chete rimoti n'kuyamba kugwira, wakuba mwamugwira. Muli ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi kaja, yezani kaswichiko, kiyi ili mkati izilira, mukazula izikhala zii. Mawaya achikasu musawakhudze chonde, amenewo ndi a airbag. Ndipo musathiremo oyilo wa injini kapena girisi, amaitana fumbi, gulani contact cleaner, kamankhwala kopopera kotsukira zamagetsi.

Zodula wayazo iyayi, ndipo pa ma Corolla ambiri kabeluko kali mkati mwa mita momwe muli sipidomo, adula uti? Mapeto ake akuphwasulirani dashibodi rimoti osagwirabe.

NaPhiri wa Vitz:
Ine anandidulira zimenezo pa galimoto yanga yakale, sabata isanathe ndinatsekera kiyi mkati ku Chawe uko, chifunga chili gwa, ana akunjenjemera ndi kuzizira, sipeya ili kunyumba ku Sadzi. Komanso bambo onani mulu wa makiyi omwe mwapachika pamenepo, ena mumamangirira a golosale, a geti ndi otsegulira botolo omwe, kulemera kumeneko kumadya balelo.

Bambo a Tadala, Matawale:
Mayi NaPhiri mwandilasa, alipo 9 kuphatikiza a loko wa khola la nkhuku kkk. Abwana a ku Chinamwali ndazula kapulagi kaja m'mawawu, belu zii, rimoti yakiya zitseko zonse. Ndapopera kamankhwala kaja kapini kabwerera koma kakuchita ulesi, mwina pa katatu kamakakamira kamodzi. Kaswichi kokhako kamapezeka kuno kapena mpaka ndikwere ya ku Ndirande?

Wamawaya, Chinamwali:
Yambani mwafunsa ogulitsa zida za magalimoto ophwasula konkuno, munyamule kakaleko kuti mufananize pulagi. Balelo yonse musagule, mungasinthe makiyi pachabe.